Chitsulo chikamagwedera pa njinga yamoto: timangitse kapena tiikepo cha mtundu watsopano? Mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe anthu a njinga zamoto amakonda kufunsa chitsulo china chikayamba kugwedera, makamaka akamva zoti kampani inatulutsa china chokonzedwa bwino cholowa mmalo mwa chakalecho. Njinga zimasiyana, nde manambala ali munowa ndi ongokupatsani chithunzi, buku la njinga yanu likanena zina tsatani bukulo.

Ndamangitsa bawuti yomweyi kangapo koma ikumasukabe, vuto ndi chani?

Bawuti siimasuka yokha popanda chifukwa. Mukaimanga imatamuka pang'ono, pang'ono kwambiri moti ndi maso simungaone, ndipo kutamukako ndi komwe kumapanikiza zitsulo ziwirizo pamodzi. Mphamvu imeneyo ikangochepa zitsulo zimayamba kutsetsereka cham'mbali injini ikamanjenjemera, nati nkumabwerera yokha pang'onopang'ono mpakana tsiku lina mungomva kuti gwede gwede. Injiniya wina wa ku Germany, Gerhard Junker, anaonetsa zimenezi mu 1969, kuti kugwedezeka kwa cham'mbali ndi komwe kumamasula nati msanga kuposa kokoka molunjika bawutiyo.

Nde musanamangitsenso imasuleni yonse muione. Mazinga ali bwino kapena adyeka? Bowo likadali lozungulira kapena latalika mbali imodzi? Pansi pa mutu wa bawuti pali penti kapena dzimbiri zomwe zikumaphwanyika nkusiya mpata? Pena kanali kalabala pakati kanauma nkuphwa. Mukaona fumbi lofiirira ngati dzimbiri lofewa lazungulira pamalopo dziwani kuti zitsulozo zakhala zikukhulana kwa nthawi, pamenepo kumangitsa kokha sikuthandizanso, china chake chadyeka ndipo chikufunika kusintha.

Akamati pali sipeya ya mtundu watsopano amatanthauza chani kwenikweni?

Kampani ikaona kuti chitsulo china chikubwera ndi madandaulo ambiri imachikonzanso, mwina kuchinenepetsa, kusintha sipuling'i, kusintha mtundu wa chitsulo kapena kuonjezera kachokhomera, kenako chimapatsidwa nambala yatsopano ndipo yakale ija imasiya kugulitsidwa. Mukafunsa ndi nambala yakale kwa dila kompyuta yake imakulozerani ku yatsopanoyo. Nthawi zambiri nambala yonse imakhala yofanana kupatula manambala akumapeto. Palinso zina zopangidwa ndi makampani apadera omwe anaona kufooka kwa chitsulo cha kufakitale nkupanga chawo cholimba.

Koma sikuti nambala ikasintha nde kuti chitsulo chakonzedwa bwino ayi. Pena angosintha fakitale yowapangira, pena aphatikiza nambala imodzi ku njinga zitatu kuti asamasunge katundu wambiri. Funsani kuti chasintha ndi chani. Ngati palibe akutha kukuuzani, ikani chakale ndi chatsopano pambali pambali muone nokha.

Ndingadziwe bwanji kuti chikwana pa njinga yanga?

Musadalire dzina la njinga lokha, dzina limodzi limatha kuyenda zaka zambirimbiri zamkati zikusintha. Tengani nambala ya felemu, pa njinga zambiri imakhala ya zilembo ndi manambala 17 ndipo imadindidwa pakhosi pa felemu pomwe palowa foloko, mutengenso nambala ya injini yomwe ili pa bokosi la injini cham'munsi. Ndi zimenezo munthu angayang'ane mu kabuku ka masipeya nkukuuzani zoona.

Chomwe anthu amaiwala ndi chakuti chitsulo chatsopano pena chimayenda ndi anzake. Mutha kupeza tenshona yatsopano, kachitsulo kokankha tcheni ya mkati mwa injini, ikufuna gasiketi ina, kapena mabawuti otalikirapo, kapena washala yomwe pa yakale panalibe. Mukagula chimodzi chokha nkusiya tinzake timeneto mudzati mtundu watsopanowu ndi wabodza pomwe mwangoika theka.

Injini ikulira tchetchetche ndikailiza m'mawa, amakaniko akuti ndi tenshona ya timing chain. Zoona?

Zikhoza kukhala zoona, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zitsulo zomwe makampani amakonda kutulutsa mitundu yatsopano. Timing chain ndi katcheni ka mkati mwa injini kolumikiza crankshaft, shafiti yozungulitsidwa ndi pisitoni, ndi camshaft, shafiti yokankha mavavu, kuti mavavuwo azitseguka pa nthawi yake. Katcheniko kamatalika ndi ukalamba, nde tenshona ntchito yake ndi kukankha kuti kasalendewere. Yambiri ili ndi kamtengo kachitsulo kotuluka ndi sipuling'i, kopangidwa moti kazingopita kutsogolo osabwerera, kaya ndi timano kaya ndi mazinga amkati. Timanoto tikadyeka kapena sipuling'i ikafooka kamtengoko kamabwerera mmbuyo, tcheni nkumamenya mmbali, ndiye phokoso lija.

Kuyesa kwake nkosavuta mukaichotsa. Igwireni mdzanja, kamtengoko katuluke, nde mukakankhe ndi chala chachikulu mwamphamvu. Yabwino imakana, nji. Yakutha imalowa, pena imalowa modumphadumpha mukumva timano tikutsetsereka. Imeneyo palibenso zokambirana.

Posintha pali zinthu zitatu zomwe sindifuna muziphonye. Choyamba pisitoni ikhale pamwamba penipeni pa kompuleshoni, pa chizindikiro cha TDC, pomwe mavavu onse atseka ndipo camshaft siikukankhidwa ndi masipuling'i a mavavu. Chachiwiri tenshona ili panja musazungulitse injini olo pang'ono, tcheni yopanda chokankha imatha kudumpha dzino ndipo taiming'i ikasokonekera vavu itha kukumana ndi pisitoni, apo nkhani yakula. Chachitatu, ndipo ichi chimagwira anthu ambiri, musamasule mabawuti a tenshona theka kenako nkusintha maganizo nkumangitsanso. Mukangomasula kamtengo kaja kamatuluka kutsata mpata omwe mwapereka ndipo sikabwerera, nde mukamangitsa mukukankha tcheni mopyola muyezo. Mwayamba kumasula, malizani, ichotseni yonse, bwezerani kamtengoko mkati, kenako muike. Pa ma injini ang'onoang'ono ambiri mumachotsa kabawuti ka kumbuyo, kulowetsa sukulu dalaiva yaing'ono nkupotoza kuti kamtengo kalowe, mumagwira chomwecho mpakana mabawuti awiri amangidwa nde nkusiya, mumamva kuti tha katuluka. Kenako zungulitsani injini ndi dzanja kawiri muonenso zizindikiro za taiming'i musanailize.

Koma phokoso likapitilira ndi tenshona yatsopano musanyoze tenshonayo. Yang'anani kuti kamtengo ka yakale kanatuluka kufika pati. Ngati kanali katafika kumapeto ndiye kuti tcheni yeniyeniyo yatalika kapena mapulasitiki omwe imatsetserekapo adyeka. Komanso mavavu otalikirana kwambiri amalira mofananako, ndi bwino kuyeza mpata wake kaye.

Ena akuti ndiike tenshona yamanja, siimafa. Mukuti bwanji?

Kufa siifa zoona chifukwa ndi bawuti chabe yokhala ndi nati yokhomera, mulibe sipuling'i mulibe timano. Koma yasamutsira ntchito kwa inu. Mukamangitsa kwambiri tcheni imalira ngati mluzu ndipo mukudya mapulasitiki aja ndi pogona camshaft, mukaiwala kuimangitsako miyezi ikupita tcheni ikulendewera ndipo palibe chokankha. Kwa munthu wokonda kugwiragwira injini yake ndipo ali ndi khutu ndi yabwino. Kwa munthu wongofuna kukwera nkumapita ine ndingati gulani yodzikankha yokha ya mtundu watsopano basi.

Pali chitsanzo cha njinga yodziwika pomwe kusintha kotereku kunathandizadi?

Chotchuka kwambiri ndi Kawasaki KLR650. Mkati mwa injini yake muli tcheni ya balancer, chitsulo chochepetsa kunjenjemera kwa injini, ndipo kachitsulo kokokera tcheniyo, komwe eni njingazo anangokapatsa dzina loti doohickey, pa njinga za 1987 mpaka 2007 kankadziwika ndi kuthyoka, sipuling'i yakenso chimodzimodzi. Anthu ambiri amakachotsa nkuikapo kosemedwa ku chitsulo chimodzi cholimba. Mu 2008 kampani inatulutsa kachitsulo kolimbirapo, koma eni njinga ambiri anapitilizabe kusintha sipuling'i poona kuti siikukoka mokwanira, nkumaika ya mtundu wopotana. Apa mukuona kuti mtundu watsopano utha kukonza mbali imodzi ya vuto nkusiya ina. Ntchito yake njofunika kuchotsa flywheel, gudumu lolemera la pa crankshaft, pogwiritsa ntchito chokokera chake, si ya sipanala ziwiri.

Ndikagwira buleki yakutsogolo ndikumva kuti gu pa handulo. Akuti ndiike mabeling'i a tapered, a timigolo topendekeka, mmalo mwa a timipira, nzofunika?

Yambani mwatsimikiza kuti ndi mabeling'i a pakhosi. Imikani njinga tayala lakutsogolo lili mmwamba, gwirani miyendo ya foloko cham'munsi nkumakoka kutsogolo ndi mmbuyo, wina aike chala pomwe felemu yakumana ndi chitsulo chapamwamba cha foloko. Akamva kusuntha nde agwedera. Kenako tembenuzani handulo pang'onopang'ono uku ndi uku ndi chala chimodzi. Ikamakakamira pakati ngati yagwera mkadzenje, mabeling'i atha, kumangitsa kungoonjezera vuto. Ikamayenda myaa popanda kukodwa ndiye kuti angomasuka, kumangitsa nati kukwanira.

Mukamasula a timipira akutha mumapeza timaenje tonyezimira tondondozana mkati mwa mbale yake, kampira kalikonse kanadzikumbira pake, makamaka mbale yapansi chifukwa ndi yomwe imalandira nkhonya za mabampu onse, girizi atauma kale wasanduka wofiira. Chimachitika nchakuti kampira kamagunda mbale pa kadontho kamodzi, ndipo handulo nthawi zambiri imakhala yolunjika, nde ndi malo omwewo omwe akumenyedwa tsiku ndi tsiku. A tapered ali ndi timigolo topendekeka togona pa mzere wonse, katundu amagawika, nchifukwa chake amapirira. Si zachilendo ayi, Henry Timken anatenga patenti yake mu 1898.

Nde inde ndi abwino, koma amafuna dzanja losamala. Mbale zakale zitulutsidwe pomenya mozungulira, kuno pang'ono uko pang'ono, osati mbali imodzi, mungakulitse khosi la felemu. Zatsopano muziike mufiriji kaye zizizire zimalowa mosavuta, ndipo zilowe mpakana kulira kwa hamala kusinthe, kusonyeza kuti zafika pansi. Beling'i yapansi pokhomera menyani mphete yamkati yokha, mukamenya kakhola kogwira timigolo mwaiononga isanayende. Girizi alowe mkati mwa timigolo osati kungopaka pamwamba. Yezaninso kutalika, ena amabwera atatalikirapo kapena kufupikirapo kuposa akale nchifukwa chake mu paketi mumakhala mawashala, si okongoletsa.

Pomanga, mangitsani kaye kuti akhazikike, tembenuzani handulo kangapo, masulani, nde mumange pang'ono chabe mongochotsa kugwederako. Anthu amaganiza kuti poti ndi olimba amangidwe kwambiri, ayi ndithu, mukatero njinga imayamba kuyenda mopepeluka pa liwiro lochepa, inu kumangolimbana nayo kuti ilunjike. Mukamanga nati yapamwamba yesaninso chifukwa imakonda kuonjezera kuthina. Mukayenda makilomita mazana angapo onaninso, amakhazikika nkufuna kukhudzidwa pang'ono.

Sipuloketi yakutsogolo ikugwedera pa shafiti yake, ndiwotcherere?

Ayi, chonde.

Choyamba dziwani kuti pa njinga zambiri zing'onozing'ono sipuloketi imagwiridwa ndi kambale ka mabawuti awiri ndipo inapangidwa kuti izisewera pang'ono, kumeneko si kuonongeka. Pa zina imamangidwa ndi nati yaikulu yokhala ndi washala yopinda, imeneyo siyenera kusuntha olo pang'ono, ndipo washala yopindayo muziika yatsopano osati kuiwongola nkuipindanso mpaka kalekale. Chotsani sipuloketi muone mano a pa shafiti. Ngati akadali amakona bwino, sipuloketi yatsopano yokwana bwino ndi kambale katsopano zithetsa nkhani, pakaninso girizi pang'ono pa manowo. Ngati mano a shafiti asongoka ndiye shafitiyo yatha ndipo kuisintha nkutsegula injini pakati. Kuwotcherera kumaoneka ngati kwapulumutsa, koma moto umapsereza silo ya oyilo ili kuseri kwake, ndipo sipuloketi ndi chinthu chakutha, tsiku lodzaisintha mudzachita kudula.

Posintha sipuloketi ndi bwino kusintha zonse zitatu, yakutsogolo, yakumbuyo ndi tcheni, za saizi imodzi, kaya 420, 428 kapena 520. Sipuloketi yakumbuyo ikamasewera kutsogolo ndi mmbuyo tayala litaima, amenewo ndi malabala a mu habu aphwa, ndi osavuta kusintha.

Guluu wa mabawuti uja amathandiza? Wabuluu kapena wofiira?

Amathandiza kwambiri pa njinga yonjenjemera, bola mazinga akhale oyera opanda oyilo. Wabuluu, monga Loctite 243, ndi wa ntchito zambiri, mumadzamasula ndi sipanala wamba. Wofiira ndi wa zinthu zomwe simukufuna kudzamasula, amafuna kutenthetsa mpaka cha mma 250°C kuti agonje, nde mukamuika pa kabawuti ka 6 mm kolowa mu aluminiyamu mudzathyola mutu tsiku lomasula. Kadontho kamodzi kapena tiwiri nkokwana, ndipo amauma kwathunthu pakatha maola 24. Asakhudze mapulasitiki, ena amang'aluka. Guluuyu sabwezeretsa mazinga akutha, amangoteteza abwino kuti asamasuke.

Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira ija, ndilibe, dzanja silikwana?

Pa galasi, chotchingira tcheni, nambala puleti, dzanja likwana. Pa mabuleki, ekiselo, nati ya sipuloketi, zamkati mwa injini, bwerekani. Kuti mukhale ndi chithunzi, pa njinga zambiri bawuti wamba ya 6 mm imafuna cha mma 10 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira), ya 8 mm cha mma 22, ya 10 mm cha mma 35. Ndikunena kunenepa kwa bawutiyo osati saizi ya sipanala, paja ya 6 mm imamangidwa ndi sipanala ya 8 kapena 10. Ndipo 10 Nm ndi mphamvu yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira, tenshona zambiri zimamangidwa ndi mabawuti oterewa mu aluminiyamu ndipo ndi pomwe mazinga amathera. Mazinga akakhala ndi oyilo bawuti imathina kwambiri pa nambala yomweyo, nde musapake oyilo ngati buku silinatero. Chitsulo cha mtundu watsopano chikabwera ndi pepala lake la manambala tsatani pepalalo, pena amasintha.

Washala ya sipuling'i, nati ya nayiloni, kapini kopinda, chabwino nchiti?

Washala ya sipuling'i ija anthu amaikhulupirira mopyola, ikangophwatalala yasanduka washala wamba. Nati ya nayiloni ndi yabwino koma osati pa ekizozi kapena pena paliponse potentha, nayiloniyo imafewa, pamenepo pamafunika nati yokhoma ya chitsulo chokhachokha. Ya nayiloniyo ikayamba kulowa ndi zala mpaka kumapeto yatha ntchito. Kapini kopinda ka pa ekiselo nkogwiritsa kamodzi, ndipo msomali si kapini.

Mazinga a mu injini atha, bawuti ikungozungulira. Chitsulo chatsopano ndimanga pati?

Konzani bowolo kaye. Njira yabwino ndi kuboola pang'ono, kudula mazinga atsopano nkulowetsamo kawaya kopota ka Helicoil kapena kachitsulo ka mazinga konga komweko, bawuti imabwerera ya saizi yake yomwe ija ndipo imagwira bwinobwino. Kukakamiza bawuti yonenepa kapena ya mazinga ena kumang'ambula aluminiyamu. Poboola pafupi ndi mkati mwa injini pakani girizi pa chodulira mazinga kuti tizitsulo timatirire pamenepo tisagwere mkati. Onaninso kutalika kwa bawuti, yaitali kwambiri imagunda pansi pa bowo nkumamveka ngati yathina pomwe chitsulo chikadali chomasuka.

Ndingasiyanitse bwanji sipeya yabwino ndi feki, poti onse pa paketi alemba kuti mtundu watsopano?

Paketi aliyense angasindikize. Yang'anani chitsulocho: kulemera kwake poyerekeza ndi chakale, mmphepete ngati muli tizitsulo totsalira, mazinga ngati nati ikuyenda bwino, mabowo ngati akugwirizana popanda kukakamiza. Beling'i yabwino imakhala ndi nambala yolembedwa mooneka bwino ndipo mukaizungulitsa simumva mchenga. Mabawuti a malo ofunika aoneni nambala pamutu, 8.8 kapena 10.9, ndipo musaike yotsika pomwe panali yokwera. Ngati akuti ndi mtundu watsopano koma mukachiika pambali pa chakale palibe kusiyana kulikonse kupatula kunyezimira, funsani kawiri.

Musanagule funsaninso dila ngati chitsulocho chili pa recall, kutanthauza kuti kampani inaitanitsa njingazo kuti izikonze. Vuto likakhala lokhudza chitetezo kampani imasintha ulere, amangofuna nambala ya felemu.

Ndingayendebe kaye podikira sipeya?

Zitengera chomwe chikugwedera. Galasi, kapulasitiki kam'mbali, chotchingira matope chakumbuyo, mangani ndi waya kapena cable tie muziyenda, bola chisathe kugwera mu tayala kapena mu tcheni. Mabuleki, ekiselo, handulo, pakhosi, chopondera, sipuloketi, sitandi yomwe sipuling'i yake yafooka moti itha kutsika mukuyenda, zimenezo imikani njinga. Tenshona yolira ili pakati, ena amayenda nayo nthawi ndithu koma tsiku lomwe tcheni idzadumphe silidziwika, ndipo mavavu opindika ndi ntchito yaikulu kuposa tenshona.

Ndaika chatsopano, ndizionanso liti?

Mukangomaliza kumanga tengani penti maka mujambule kamzere kochoka pa mutu wa bawuti kufika pa chitsulo chomwe yagwira. Yendani ulendo waufupi, injini itenthe nkuzizira, nde muone ngati kamzereko kakadali kolunjika. Onaninso pakatha sabata, kenako nthawi iliyonse mukusintha oyilo. Pomwe pali gasiketi kapena labala pamakonda kuphwa pang'ono masiku oyamba, pamenepo kumangitsanso kamodzi nkwabwinobwino. Bawuti ya guluu yokha musamaipotoze poiyesa, mukaisuntha guluu wouma uja wathyoka, ingoyang'anani kamzereko. Kakasuntha kachiwiri musathamangire sipanala, masulani muone pomwe chitsulocho chikugona, kawirikawiri pamakhala bulaketi yosweka mwakabisira kapena bowo la pa felemu lomwe linakula kale chakale chija chikugwedera, ndipo zimenezo zimafuna kuwotcherera kapena kuika bushi musanabwezerepo chatsopanocho.